Mzere Sunama: Mbiri ya Alimi a ku China ndi Kaundula wa Malikisi

Akuluakulu akale adati mutu umodzi susenza denga, ndipo palibe munthu wanzeru amene angatsutse mawuwa. Denga la nkhokwe likamangidwira pansi, pamafunika amuna angapo kuti alikweze. Komabe aliyense amene adasenzapo denga amadziwa kanthu kena kamene mwambiwu sutchula. Pansi pa denga pamakhala kamdima, ndipo sizidziwika bwino kuti walimbitsa khosi ndani, wangogunditsa mutu ku udzu ndani. Denga likakhala pamalo pake, onse amatuluka akupukuta thukuta, onse n'kulandira chikho cha thobwa chofanana.

Pa dima zinthu zinkayenda mwamtundu wina. Mwini munda ankafulula mowa kapena kukonza thobwa n'kumema anansi kuti adzamulimitse. Olima ankandandana kumutu kwa munda, aliyense ndi mzere wake. Wotsalira ankaonekera patali, ndipo nthabwala za anzake zinkamupeza komweko. Panalibe mlembi, panalibe kaundula. Mzere ndiwo unali mboni. Kuwonjezera apo, aliyense ankadziwa kuti tsiku lina dima lidzakhala kwake, ndipo khasu limene waponya m'munda wa mnzake ndi lomwelo limene lidzabwerere m'munda mwake.

Miyambo iwiriyi imadzutsa funso lakale kwambiri. Kodi anthu akamagwira ntchito pamodzi, khama lawo limasintha motani pamene gawo la aliyense likuoneka, ndi pamene labisika m'chigulu? Dziko la China lidalimbana ndi funso limeneli kwa zaka pafupifupi 30, m'minda yeniyeni, ndi miyoyo ya alimi mamiliyoni mazanamazana. Mbiri yake ndi yoyenera kuti adzukulu aidziwe.

Chiyambi chofanana ndi dima

Chipani cha Chikomyunizimu, motsogozedwa ndi Mao Zedong, chidatenga boma m'chaka cha 1949. M'zaka zitatu zotsatira, minda ya eni malo akuluakulu idalandidwa, ambiri mwa eni akewo adaphedwa, ndipo malowo adagawidwa kwa alimi osauka. Popeza mabanja ochuluka adalibe ng'ombe kapena pulawo, boma lidawalimbikitsa kupanga timagulu tothandizana ta mabanja ochepa. Lero onse ankalima kwa uyu, mawa kwa uyo, koma munda ndi zokolola zinkakhalabe za banja. Mchewa wa masiku amenewo akadaona zimenezi sakadadabwa konse, pakuti zinali ngati dima la kwawo. Anthu ake anali odziwana, ndipo wosakhutira ankatha kuchokamo.

Atsogoleri adaona timaguluti ngati poyambira chabe. Pofika 1956 alimi ambiri anali atalowetsedwa m'makopaletivi akuluakulu, momwe minda ndi ziweto zidakhala za gulu, munthu n'kumalipidwa molingana ndi ntchito yake yokha. M'chaka cha 1958 makopaletivi aja adaphatikizidwa kukhala makomyuni oposa 20,000, iliyonse ya mabanja pafupifupi 5,000. Khomo lotulukira lidatsekedwa. M'madera ambiri mabanja adaleka kuphika kunyumba, anthu n'kumakadyera m'malo odyera a gulu kwaulere. Wolima kuyambira mbandakucha ndi wongoyendayenda m'munda ankatapa mumphika umodzi. Amuna ambiri adachotsedwanso m'minda kukasungunula chitsulo m'ting'anjo ta m'midzi, mbewu zina n'kuwolera kumunda.

Zotsatira zake zidali zoopsa. Kuyambira 1959 mpaka 1961 kudagwa njala imene idapha anthu ochuluka zedi. Akatswiri a mbiri amatchula ziwerengero zoyambira pa 15 miliyoni mpaka 45 miliyoni. Kungakhale kunamizira akufa kunena kuti adafa ndi ulesi. Gwero lalikulu la tsokali lidali malamulo a boma komanso bodza. Akuluakulu a m'maboma, poopa kuoneka olephera, ankalemba zokolola zimene kunalibe, ndipo likulu linkatenga chakudya molingana ndi mabodzawo, alimi n'kutsala ndi nkhokwe zopanda kanthu. Nduna ya zachitetezo, Peng Dehuai, itadandaula za zimenezi pa msonkhano wa ku Lushan m'chaka cha 1959, idachotsedwa pa udindo, ndipo ena onse adaphunzira kutseka pakamwa. Motero chophimba chidali pawiri: pansi sizinkadziwika kuti walima ndani, pamwamba sizinkadziwika kuti kwakololedwa zingati.

Malikisi a tsiku

Njala itawapweteka, atsogoleri adabwerera m'mbuyo pang'ono. Malo odyera a gulu adatsekedwa m'chaka cha 1961, ndipo kuyambira 1962 kuwerengera ntchito ndi kugawa zokolola kudaperekedwa kwa gulu laling'ono la mabanja 20 kapena 30. Banja lililonse lidapatsidwanso kadimba kakekake, kagawo kochepa kwambiri ka malo onse.

M'gulu lililonse munali mlembi wosunga kaundula wa malikisi. Kawirikawiri mwamuna wamphamvu ankalemberedwa malikisi 10 pa tsiku, mkazi ochepera apo, mwina 7 kapena 8, ngakhale atagwira ntchito yomweyo. Pakutha pa chaka gulu linkachotsa kaye gawo la boma, mbewu ndi ndalama zoyendetsera ntchito. Pa chakudya chotsalacho, gawo lalikulu linkagawidwa powerenga mitu ya anthu a m'banja, ndipo lotsalalo ndilo linkatsata malikisi. Mtengo weniweni wa malikisi unkadziwika pa nthawi imeneyo basi.

Vuto la njira imeneyi limaoneka ndi samu yophweka. M'gulu la antchito 50, munthu amene walimbikira mpaka kuwonjezera thumba limodzi la mpunga amapindula ndi kagawo kamodzi mwa magawo 50 a thumbalo. Kwinako kumapita kwa anzake. Nayenso amene wazemba n'kuchepetsa thumba limodzi amataya kagawo komweko. Chimene kaundula ankalemba chidali kupezeka kwa munthu kumunda, kuyambira pamene belu lalira mpaka madzulo. Kuya kwa khasu lake kaundula sankakuona. Alimi sadachedwe kuzindikira. Ambiri ankasunga mphamvu masana kuti akazigwiritse ntchito madzulo pa kadimba kawo, ndipo timadimbato tinkabereka modabwitsa poyerekeza ndi minda ya gulu. Eni ake chizolowezichi ankachitcha kudyera mumphika umodzi waukulu.

Magulu ambiri adayesa njira ina, yofanana ndi ganyu wolipidwa powerenga mizere. Ntchito iliyonse idapatsidwa mtengo wake: malikisi akutiakuti pa dengu la manyowa, akutiakuti pa ndime yowokedwa mpunga. Apa anthu adafulumira ndithu, koma padabuka nthenda yatsopano. Wowoka mpunga ankathamanga n'kusiya mbande zosazika bwino. Wopalira ankakwirira udzu m'malo mouzula. Kuchuluka kwa ntchito kunkaoneka tsiku lomwelo, pamene ubwino wake unkadzaoneka patapita miyezi, nthawi imene palibe akadakumbukira kuti mzere wakutiwakuti udapalidwa ndi yani. Mikangano nayo sinkatha, chifukwa dothi lolimba ndi lofewa silingakhale pa mtengo umodzi, ndipo aliyense ankaganiza kuti kapitawo akukondera abale ake pogawa ndime.

Bwalo la ku Dazhai

M'mapiri a chigawo cha Shanxi munali mudzi wosauka wotchedwa Dazhai, wotsogozedwa ndi mlimi wina dzina lake Chen Yonggui. Anthu a m'mudziwu adatchuka pomanga migula ya miyala m'mapiri ndi manja awo, makamaka madzi osefukira atawononga mudzi wawo m'chaka cha 1963. Chaka chotsatira Mao adalamula dziko lonse kuti liphunzire ulimi ku Dazhai, ndipo Chen adakwera mpaka kukhala wachiwiri kwa nduna yaikulu m'chaka cha 1975.

Njira ya ku Dazhai yoperekera malikisi ndiyo idayesa kuika zonse poyera. Anthu a gulu ankasonkhana, aliyense n'kuimirira kunena malikisi amene akuona kuti ndi omuyenera, kenako anzake n'kukambirana pamaso pake ngati akuvomereza kapena ayi. Maganizo ake anali omveka: palibe amene amadziwa khama la mlimi kuposa amene amalima pambali pake. Akatswiri atatu, Anita Chan, Richard Madsen ndi Jonathan Unger, adafufuza mbiri ya mudzi wina wa m'chigawo cha Guangdong ndipo adasindikiza buku lawo m'chaka cha 1984. Iwo adapeza kuti poyamba njirayi idagwiradi ntchito. Anthu ankachita manyazi kudzitchulira malikisi ambiri pamene mudzi wonse udawaona akuzemba, ndipo ntchito inkagwiridwa mosamala.

Koma zaka zitapita, bwalo lija lidasanduka malo a nkhondo. Misonkhano inkatha usiku kwambiri. Munthu wotsitsidwa ndi theka la malikisi ankamva ngati wanyozedwa pamaso pa ana ake, ndipo ankasunga chakukhosi. Abale ankaikirana kumbuyo, olongolola ankapambana ofatsa. Vuto lina lidali lakuti pamodzi ndi ntchito ankayesanso mtima wa munthu pa ndale, kotero kuti wodziwa kuyankhula pa msonkhano ankatha kuposa wodziwa kulima. Potsiriza anthu adatopa. Pofuna kusunga mtendere, adaleka kutsutsana, misonkhano idayamba kuchitika patalipatali, ndipo malikisi a wakhama ndi a waulesi adayandikana mpaka kusiyana kwake kudatsala kochepa. Mphika waukulu uja udabwerera pakhomo lakumbuyo. M'chaka cha 1980 kudaululikanso kuti boma la Xiyang, momwe muli Dazhai, linkakokomeza ziwerengero za zokolola zake, ndiponso kuti mudzi wachitsanzowo unkalandira thandizo lambiri kuchokera ku boma.

Umboni wa chingwe

Zimene zinkachitika m'minda ya ku China sizidali nthenda ya mtundu umodzi wa anthu. Kale m'zaka za m'ma 1880, katswiri wa zaulimi wa ku France, Max Ringelmann, adayesa mphamvu za amuna okoka chingwe, ndipo zimene adapeza zidasindikizidwa m'chaka cha 1913. Gulu likamakula, mphamvu ya munthu aliyense inkatsika; anthu 8 akamakoka pamodzi, aliyense ankapereka pafupifupi theka la mphamvu zimene ankapereka ali yekha. Mwina wina anganene kuti anthu ambiri amalephera kukoka nthawi imodzi, ndipo zimenezo n'zoona mbali ina. Koma m'chaka cha 1979 akatswiri a ku America, Bibb Latané, Kipling Williams ndi Stephen Harkins, adamanga ophunzira m'maso, kuwatseka m'makutu, n'kuwauza kuti akuwe ndi mphamvu zawo zonse. Amene adauzidwa kuti akukuwa pamodzi ndi ena ankatsitsa mawu, ngakhale pamene kwenikweni anali okha. M'chaka cha 1981 akatswiri omwewo adasonyeza kuti ophunzira akauzidwa kuti mawu a aliyense akuyezedwa payekha, kuzemba kuja kunkatha. Pansi pa denga, khosi la munthu limafewa iye mwini osazindikira n'komwe.

Zidindo 18 za ku Xiaogang

Chigawo cha Anhui ndi chimodzi mwa zimene zidasautsidwa kwambiri ndi njala ija, ndipo boma la Fengyang lidali lodziwika kuyambira kale ndi anthu oyendayenda kupempha chakudya. M'chaka cha 1961 akuluakulu a chigawochi adayesapo kupereka minda kwa mabanja, koma njirayo idaletsedwa chaka chotsatira. M'chaka cha 1978 kudagwanso chilala choopsa. M'mudzi wa Xiaogang, wa mabanja 20, anthu adayesa kugawa gulu lawo m'timagulu, kenako m'timagulu tocheperapo, mpaka tina tidangotsala ta bambo ndi ana ake kapena ta pachibale. Ngakhale pamenepo mikangano ya kuti walima kwambiri ndani sidathe.

Kumapeto kwa chaka chimenecho amuna 18 adakumana mobisa m'nyumba ya dothi, mmodzi mwa owatsogolera ali Yan Hongchang. Adagwirizana kugawana minda banja ndi banja. Banja lililonse lidalonjeza kupereka gawo la boma mokwanira ndi kusapemphanso chakudya ku boma. Popeza zimenezi zidali zotsutsana ndi malamulo, adawonjezera pangano lakuti atsogoleri awo akamangidwa kapena kuphedwa, otsalawo adzalera ana awo mpaka atakwanitsa zaka 18. Ambiri adasindikiza zala zawo ndi utoto wofiira. Akatswiri ena amakayika ngati pepala limene likusungidwa m'nyumba ya mbiri yakale ku Beijing ndi lenileni la usiku umenewo, koma za kugawana mindako palibe amatsutsa.

Zokolola za 1979 zidaposa kangapo za chaka cham'mbuyo, ndipo mudzi umene unkadalira thandizo udapereka chakudya ku boma. Nthaka idali yomweyo, makasu omwewo, anthu omwewo. Chinsinsi sichidabisike, pakuti munda wosamalidwa bwino umadziulula wokha. Mwayi wawo udali wakuti mkulu wa chipani m'chigawocho, Wan Li, adawatchinjiriza. Midzi ina ya ku Anhui ndi ku Sichuan inkayesanso njira zofanana, ndipo m'chaka cha 1980 Deng Xiaoping adayamikira zimene zinkachitika ku Fengyang. Pofika kumapeto kwa 1983, mabanja oposa 9 mwa 10 alionse a m'midzi ankalima paokha, ndipo pofika 1985 makomyuni anali atathetsedwa. Malo adakhalabe a mudzi, banja n'kumalima pa pangano, limene m'chaka cha 1984 lidaikidwa kukhala la zaka 15.

Chimene chidasintha kwenikweni ndi mboni. Mlembi ndi kaundula wake sadafunikenso, bwalo loyesana malikisi silidafunikenso. Banja likapereka gawo la boma ndi la mudzi, zotsala zonse zidali zake, ndipo nkhokwe ndiyo inkanena zoona za kuchuluka kwa ntchito ndi ubwino wake womwe. Wokwirira udzu ankadzinamiza yekha. Zokolola za mbewu za chakudya m'dziko lonse zidakwera kuchoka pa matani pafupifupi 305 miliyoni m'chaka cha 1978 kufika pa 407 miliyoni m'chaka cha 1984. Sikuti zonsezi zidadza ndi kugawana minda kokha, chifukwa boma lidakwezanso mitengo yogulira mbewu m'chaka cha 1979 ndipo feteleza adachuluka. Katswiri wa zachuma, Justin Yifu Lin, adawerengera m'chaka cha 1992 kuti pafupifupi theka la kukwera kwa zokolola m'zaka zimenezo lidachokera ku njira yatsopanoyi.

Komatu walira mvula walira matope. Ntchito zimene sizingagawidwe banja ndi banja zidayamba kusowa mwini. M'madera ambiri ngalande za mthirira ndi madamu zimene magulu adakumba zidaleka kusamalidwa bwino. Chithandizo cha zaumoyo cha m'midzi, chimene chinkalipiridwa ndi thumba la gulu, chidagwa m'malo ochuluka m'zaka za m'ma 1980. Mudzi wa Xiaogang udathetsa njala m'chaka chimodzi, koma udakhala zaka zambiri osalemera, pakuti timinda ting'onoting'ono tili ndi malire ake. Mwambi wa denga udakhalabe woona.

Zimene mbiriyi ikuunikira pa miyambo

Wowerenga mbiri imeneyi amayamba kuona miyambo ina ya Achewa ndi maso atsopano. Pamaliro, chipepeso chimalembedwa ndi kulengezedwa pagulu, mudzi ndi mudzi, mpingo ndi mpingo. Paukwati, perekaniperekani amachitika pamaso pa onse. M'mabanki a m'khonde, ndalama zimawerengedwa mamembala onse akuona. Amene adakhazikitsa zimenezi adadziwa kuti dzanja limatambasuka msanga pamene maso alipo, ndiponso kuti wosunga thumba amaopa kutapamo ngati aliyense wamva chimene chalowa.

Koma bwalo la ku Dazhai likuchenjeza kuti kuika zinthu poyera si mankhwala a nthenda iliyonse. Chimene chikuyezedwa chikakhala cholakwika, anthu amathamangira cholakwikacho: kuwerenga masiku kudabala ongopezeka kumunda, kuwerenga ndime kudabala okwirira udzu, kuyesa mtima wa pa ndale kudabala olongolola. Ndiponso pamene anansi akakamizidwa kuweruzana pamaso, chaka ndi chaka, pa chinthu chokhudza chakudya cha ana awo, mapeto ake amasankha mtendere n'kusiya chilungamo. Zoterezi zimaonekanso pamene kulengeza zopereka kwasanduka mpikisano, wamasiye amene wabwera ndi kambale ka ufa n'kubwerera kwawo atazyolika.

Dima lidapewa misampha imeneyi pa zifukwa zooneka. Gulu lidali laling'ono, la anthu obwera mwa kufuna kwawo. Ntchito idali ya tsiku limodzi, ndipo mzere unkaonekera wokha popanda wina kuimirira kutsutsa mnzake. Munda udali ndi mwini wake, amene ankatha kuyenda m'mizere n'kuona ngati udzu wazulidwa kapena wakwiriridwa. Chilango cha wozemba chidali chopepuka koma chotsimikizika: kusekedwa lero, kusowa omulimitsa mawa. Ndipo popeza onse ankaonana, ankatha kusiyanitsa waulesi ndi wofooka. Mnyamata wamphamvu wotsalira dala ankalandira nthabwala zowawa. Gogo wotsalira chifukwa cha msana, omaliza msanga ankatembenuka n'kuyamba mzere wake kuchokera kumapeto, mpaka makasu awo atakumana ndi lake pakati pa munda, kenako onse n'kupita kukakhala pansi pa mtengo pamene padali mtsuko.